Madambo a Mulanje: Mwini Madzi Ndani, Nanga Chitukuko Chilekeze Pati?

Mvula ikangokata m'boma la Mulanje, maso a anthu ambiri amatembenukira kudambo. Mlimi amafunako dimba la tomato ndi chimanga chachiwisi, woumba njerwa amafunako dothi, wa lole amafunako mchenga, ndipo mwini ziweto amafunako msipu. Onsewa ali ndi zifukwa zomveka, koma dambolo ndi limodzi. Pamwamba pa phiri, komwe kuli madambo ena omwe anthu ambiri a m'munsi sadawaonepo, makampani akhala akufufuza miyala yamtengo wapatali kwa zaka zambiri. Ndipo chiyambire mwezi wa July 2025, pomwe bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika kwambiri pa dziko lonse lapansi, funso lina lawonjezekera pa mafunso akalewa: kodi dziko la Malawi likadali ndi mphamvu pa phirili ndi madzi ake, kapena mphamvuzo zapita m'manja mwa anthu akunja?

Yankho lachidule ndi lakuti mphamvuzo sizidapite kwina kulikonse. Nthaka, madzi ndi miyala ya m'dziko muno zili m'manja mwa dziko la Malawi, ndipo palibe pangano lomwe Boma lidasaina lolanda umwini umenewu. Koma mwini chinthu ndiye amasenza udindo wosankha chochita nacho, ndipo sangasankhe bwino asanadziwe ntchito yomwe chinthucho chikumugwirira kale.

Ntchito yomwe dambo limagwira mwakachetechete

Phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, limatchinga mphepo yachinyezi yochokera kunyanja yamchere ya India. N'chifukwa chake mbali ya kummwera kwa phirili imalandira mvula yoposa mamilimita 2,000 pa chaka, kuphatikizapo mawawa a chiperoni m'miyezi yozizira. Mvula yochuluka chotere ikadamagwa pathanthwe lokhalokha, bwenzi yonse ikutsika tsiku lomwelo, mitsinje n'kudzaza kwa maola ochepa, kenako n'kuuma. Sizitero chifukwa pa zidikha za pamwamba pa phiri monga Lichenya, Chambe, Thuchila ndi Sombani pali udzu wothithikana, nkhalango za m'makwawa, ndiponso malo a lowe omwe dothi lake ndi lakuda, lodzaza mizu ndi masamba omwe amachedwa kuwola. Dothi lotere limamwa madzi ngati chinkhupule n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Madzi omwe mayi amatunga pampopi m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri mu October, dzuwa likuswa mtengo, ndi mvula ya mu February yomwe phiri lidasunga.

Madambo a m'munsi amagwira ntchito yofanana ndi imeneyi. Mtsinje ukasefukira, bango, nsenjere ndi mlulu zimachepetsa liwiro la madzi, matope amakhazikika, ndipo madzi ena amalowa pansi kukadzaza zitsime ndi mijigo. Dambo likalimidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, kapena likakumbidwa ngalande kuti liume msanga, madzi amathamangira malo amodzi n'kukumba khwawa lakuya pakati pake. Khwawalo likamazama, chinyontho chomwe chidakopa mlimi poyamba chimatsika nalo limodzi, kufikira pomwe mizu ya mbewu siingachipezenso. Ambiri amazindikira zimenezi chitsime cha m'dimba chikayamba kufuna chingwe chotalikirapo chaka ndi chaka.

Pasakhale wonamiza anthu kuti madambo akadaletsa namondwe wa Freddy mu March 2023, kapena napolo yemwe adasesa midzi ku Phalombe mu March 1991. Mvula ya mtundu umenewo imagwetsa miyala ndi mitengo yomwe. Chomwe dambo ndi mitengo ya m'mbali mwa mtsinje zimatha n'kuchepetsa ukali wa madzi m'zaka zina zonse, zomwe ndi zochuluka kuposa zaka za ngozi zikuluzikulu.

Madzi a phirili amagawikana pawiri. Mitsinje ya kummwera ndi kumadzulo, monga Lichenya, Likhubula, Muloza ndi Thuchila, imathera mu Ruo, ndipo Ruo amakathira mu Shire pa Chiromo, kumunsi kwa dambo lalikulu la Elephant Marsh. Mitsinje ya kumpoto, Phalombe ndi Sombani, imatsikira kunyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyi ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho moyo wake umadalira zomwe mitsinje yabweretsa. Idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu idauma, mabwato n'kutsala pamatope ong'aluka. Chilala ndicho chimayambitsa kuphwaku, koma matope ochokera m'minda ya kumtunda amakwirira nyanjayi ndi kufulumiza ngoziyo. Wogulitsa matemba pamsika, ngakhale sadakwerepo phiri, malonda ake amayambira kumeneko.

Chuma chomwe chikuyenda kale ndi madziwa

Kawirikawiri nkhani ya chilengedwe ndi chitukuko imakambidwa ngati kuti mbali imodzi kuli achule ndi mbalame, mbali inayo kuli ntchito ndi ndalama. Ku Mulanje kaonedwe kotere n'kosalondola. Tiyi, yemwe adayamba kulimidwa m'bomali mu 1891 ndipo ali m'gulu la mbewu zobweretsa ndalama zakunja, amadalira mvula ndi mitsinje ya phirili, ndipo amadyetsa antchito a m'maesiteti pamodzi ndi alimi ang'onoang'ono masauzande ambiri. Mipopi ya m'midzi yoyenda popanda injini, yomwe idayamba kufalikira m'bomali m'zaka za m'ma 1970, imatenga madzi m'makwawa a phiri lomweli. Ku Bondo, mtsinje wa Lichenya umapukusa makina a magetsi omwe amawunikira midzi yomwe nthambo za ESCOM zidachedwa kufikako, ndipo pamtsinje wa Ruo pali malo opangira magetsi omwe amalowa m'nthambo za dziko lonse. Palinso zinanazi, nthochi ndi nzimbe, komanso anyamata onyamula katundu wa alendo okwera phiri ndi okaona Dziwe la Nkhalamba. Zonsezi ndi chitukuko, ndipo zonsezi zimaima madzi akaphwa kapena akasanduka matope.

Nkhani ya madzi a mu Likhubula ikuonetsa bwino momwe umwini wa dziko umakumanira ndi zofuna za anthu a pamalopo. Kwa zaka zambiri mzinda wa Blantyre wakhala ukumwa madzi opopedwa kuchokera pa Walker's Ferry mumtsinje wa Shire, ntchito yodya magetsi ambiri chifukwa madziwo amakwezedwa mtunda wautali. Bungwe la Blantyre Water Board lidaganiza zotenga madzi okwana malita 20 miliyoni pa tsiku mu Likhubula, kuti azitsika okha kukafika kumalo oyeretsera madzi ku Nguludi. Ndalama za ntchitoyi, madola 23.5 miliyoni a ku America, zidali ngongole yochokera ku banki ya Exim ya ku India, ndipo ntchitoyo idatha mu 2019. Isanayambe, magulu ena a anthu a ku Mulanje adaitsutsa kwambiri. Iwo ankafunsa chifukwa chomwe madzi azidutsira midzi yosowa madzi n'kupita mumzinda, ndipo ankafuna kuti mitengo ibzalidwe kaye kugwero la mtsinjewo.

Pa lamulo, madziwo si a boma la Mulanje lokha. Lamulo la za madzi la 2013 limaika madzi onse a m'dziko muno m'manja mwa dziko, ndipo wokhala ku Bangwe ali ndi ufulu wa madzi monga wokhala kwa Mabuka kapena kwa Nkanda. Komabe funso la anthu a ku Mulanje lidali la nzeru. Yemwe akupemphedwa kusiya kulima m'mbali mwa mtsinje ndi kuzimitsa moto m'phiri kuti madzi akafike kutali ayenera kuona phindu lake pakhomo pake, apo ayi sadzasamala gwero lomwe akuliona ngati la eni ake. Ntchito iliyonse yotenga chuma cha phirili iyenera kuyankha funso limeneli isanakumbe dzenje loyamba.

Miyala ya pansi pa udzu

Miyala ya bauxite, yomwe amapangira aluminiyamu wa mapoto, malata ndi nthambo za magetsi, idadziwika kuti ilipo pa phiri la Mulanje kuyambira m'zaka za m'ma 1920. Ili pa zidikha za Lichenya ndi Linje, ndipo kafukufuku adaonetsa kuti ndi yoposa matani 25 miliyoni. Makampani osiyanasiyana, kuphatikizapo Lonrho, adaiyeza m'zaka zapitazo, koma mgodi sudatsegulidwe. Pa Chambe padapezekanso dothi lokhala ndi miyala ya rare earth, yomwe imafunika popanga mafoni, galimoto zoyendera magetsi ndi makina opanga magetsi ndi mphepo. Kampani ya Spring Stone, mothandizidwa ndi bungwe la JOGMEC la ku Japan, idafufuza malowa cha m'ma 2011, ndipo ntchitoyo idadzutsa mkangano waukulu m'bomali.

Chilakolako chofuna migodi si chachabe. Masomphenya a Malawi 2063 amatchula migodi pamodzi ndi ulimi ndi zokopa alendo pakati pa magawo ofunika pa chuma. Dziko lomwe limasowa ndalama zakunja zogulira mafuta, feteleza ndi mankhwala silingatseke maso pa chuma chomwe chili m'nthaka mwake, ndipo achinyamata ambiri a ku Mulanje alibe ntchito. Ku Songwe Hill, m'boma loyandikana la Phalombe, Boma lidasaina kale mu 2024 mgwirizano wa mgodi wa rare earth ndi kampani ya Mkango Resources. Choncho funso si lakuti kodi Malawi azikumba miyala kapena ayi. Funso ndi la malo ake ndi mtengo wake, pakuti walira mvula walira matope.

Vuto la miyala ya pa phiri la Mulanje ndi pomwe idagona. Bauxite sakhala pansi patali. Amakhala pansi pa udzu, ndipo pomukumba amayamba achotsa udzu ndi dothi lapamwamba pa malo aakulu. Dothi limenelo ndilo chinkhupule chomwe chimasunga madzi a mu Lichenya ndi mitsinje inzake. Kumalo ena a dziko lapansi makampani amabwezeretsa dothi akatha kukumba, koma kubwezeretsa dothi pa chidikha chomwe chimalandira mvula yambiri chotere, pamwamba pa phompho, m'munsi muli midzi, ndi ntchito yomwe wolonjeza ayenera kusonyeza komwe idathekapo. Palinso nkhani ya magetsi. Kuti papezeke tani imodzi ya aluminiyamu pamafunika matani anayi kapena asanu a bauxite, ndipo posungunula pamapita magetsi ochuluka zedi. Fakitale ya Mozal ya kufupi ndi Maputo ku Mozambique, ikamagwira ntchito mokwanira, imafuna magetsi oposa omwe malo onse opangira magetsi m'Malawi amapanga pamodzi. Izi zikutanthauza kuti phindu lalikulu la mwalawu limatsalira komwe kuli magetsi, pomwe dzenje ndi matope ofiira otsala poyenga zimatsalira mwini nthaka. Dziko la Guinea, lomwe lili m'gulu la maiko otumiza kunja bauxite wochuluka kwambiri, lakhala likulimbana ndi nkhani yomweyi kwa zaka zambiri.

Dothi la mtundu wa pa Chambe lili ndi vuto lakelake. Kummwera kwa dziko la China, komwe dothi lotere lakumbidwa kwambiri, miyalayo amaichotsa pothira madzi osakaniza ndi ammonium sulphate, yemwe alimi kuno amamudziwa ngati feteleza wa SA. M'chigawo cha Jiangxi njira imeneyi idaipitsa mitsinje ndi minda kufikira boma la dzikolo litalowererapo. Madzi a pa Chambe amatsikira mu Likhubula, mtsinje womwe tsopano ukumwetsa anthu a ku Mulanje ndi a ku Blantyre omwe. Wowerengera phindu la mgodi pamalo otere ayenera kuchotsera mtengo wa madzi amenewa, ndipo masamu ake aonekere poyera.

Zomwe mapangano akunja amanena ndi zomwe sanena

Pangano loteteza madambo lidasainidwa pa 2 February 1971 mumzinda wa Ramsar ku Iran, n'chifukwa chake limatchedwa ndi dzina limenelo ndipo tsikuli limakumbukiridwa chaka chilichonse monga tsiku la madambo. Dziko la Malawi lidalowa m'panganoli polembetsa nyanja ya Chilwa mu 1996, malo okwana mahekitala 224,800, ndipo mu 2017 lidawonjezera Elephant Marsh, mahekitala 61,556. M'boma la Mulanje mulibe dambo lomwe lili pa mndandandawu, koma madambo awiri onsewa amalandira madzi ochokera m'phiri lake. Msonkhano waukulu wa maiko a m'panganoli udachitikira pafupi pompa, ku Victoria Falls m'dziko la Zimbabwe, mu July 2025.

Panganoli limanena momveka kuti kulembetsa dambo sikuchotsa mphamvu za dziko pa dambolo. Dziko ndilo limasankha dambo loti lilembedwe, ndipo pakakhala chosowa chachikulu ndi chachangu cha dziko likhoza kuchepetsa malire ake, bola liyesetse kubwezeretsa zomwe zatayikazo poteteza malo ena. Panganoli silithamangitsanso anthu m'dambo. Mfundo yake yaikulu ndi kugwiritsa ntchito dambo mwanzeru, ndipo ku Chilwa anthu akupitiriza kusodza, kulima mpunga ndi kudula njedza monga kale.

N'chimodzimodzinso ndi UNESCO. Phiri la Mulanje lidalowa pa mndandanda wake chifukwa dziko la Malawi ndilo lidapempha, monga lidachitira ndi Lake Malawi National Park mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Lidalembedwa chifukwa cha ulemu womwe Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amalipatsa monga malo a mizimu ya makolo ndi miyambo yawo. Bungweli lilibe apolisi kapena khoti loti n'kuletsa dziko kuchita zomwe lasankha. Chomwe lingathe n'kuchenjeza, kenako n'kufufuta dzina. Lidatero ku Oman mu 2007, dzikolo litachepetsa kwambiri malo osungirako nyama pofuna kufufuza mafuta, ndiponso ku Dresden m'dziko la Germany mu 2009 chifukwa cha mlatho. Maiko onse awiriwa adachita zomwe adafuna, ndipo adalipira ndi mbiri yawo. Malawi nayenso ali ndi ufulu womwewo, koma mawu omwe dziko lapereka mwa kufuna kwake ali ndi mtengo. Alendo, mabungwe othandiza ndi obwereketsa ndalama amayang'ana ngati dziko limasunga zomwe lidalonjeza.

Phunziro lowawa kwambiri pa nkhani ya umwini silichokera kunja ayi. Mkungudza wa pa Mulanje, womwe mwachilengedwe sumera kwina kulikonse pa dziko lapansi, udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984. Phirili lakhala nkhalango yotetezedwa ndi Boma kuyambira mu 1927. Palibe dziko lakunja lomwe lidalanda mtengowu. Komabe kalembera wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha itatsala, ina yonse itathera ku macheka a anthu odula mozemba ndi ku moto wolusa. Lero bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, nthambi ya za nkhalango ndi magulu a m'midzi akubzala mbande masauzande ambiri, koma mkungudza umatenga zaka makumimakumi kuti ukule. Mtengowu udali wa Amalawi pa pepala ndi pa lamulo, ndipo udatha uli wa Amalawi. Dambo likhoza kutha mwa njira yomweyi, popanda kampani iliyonse yakunja kupondapo phazi.

Zokhudza mlimi ndi wamalonda

Chilungamo chake n'chakuti zomwe zikuwononga madambo a m'bomali lero lino ndi zochitika za tsiku ndi tsiku: moto wa m'chilimwe, makala, kulima mpaka pagombe, maenje a njerwa ndi kukumba mchenga. Ndi chilungamonso kunena kuti anthu sachita izi chifukwa cha nkhanza. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje, kutanthauza anthu oposa 300 pa sikweya kilomita iliyonse, pomwe gawo lalikulu la malo ndi phiri lotetezedwa ndi maesiteti a tiyi. Banja lomwe munda wake sukwana ekala limaona dimba ngati nkhokwe yachiwiri, ndipo Boma lenilenilo limalimbikitsa ulimi wamthirira pofuna kuthana ndi njala. Lamulo lomwe lingauze banja lotere kuti lisapondenso kudambo silingatsatidwe, ndipo silikadakhala la chilungamo.

N'chifukwa chake malamulo a dziko lino amasiyanitsa ntchito. Kutunga madzi akumwa, ophikira, ochapira ndi omwetsa ziweto za pakhomo sikufuna chiphaso. Koma wofuna kupatutsa mtsinje, kumanga damu, kapena kupopa madzi ochuluka othirira munda wamalonda kapena oyendetsera fakitale ayenera kutenga chiphaso ku bungwe la National Water Resources Authority. Chiphasochi si msonkho wongovutitsa anthu. Ndicho chimateteza mlimi wa kumunsi pomwe wa kumtunda watseka mtsinje ndi matumba a mchenga mu September, madzi atachepa. Magulu a alimi amthirira akhoza kutenga chiphaso chimodzi m'dzina la gulu lonse.

Mlimi wa dimba asiye mpata pakati pa mizere yake ndi gombe, ndipo mpatawo ukhale ndi bango, nsenjere, vetiva, nsungwi kapena mitengo yokonda madzi monga mkuyu ndi katope. Alangizi a zaulimi ndi a zankhalango amathandiza kuyeza mpata woyenera malinga ndi kukula kwa mtsinje. Bulugamu asabzalidwe pakasupe kapena m'kati mwa dambo, chifukwa amamwa madzi ambiri. Pakati penipeni pa dambo, pomwe madzi amaima nthawi yaitali, pasiyidwe posalima, ndipo zigubu za mankhwala opopera mbewu zisatsukidwire mumtsinje. Zimenezi zimaoneka ngati kutaya malo, koma mizere iwiri yomwe yasiyidwa pagombe ndiyo imagwira mizere makumi awiri yotsalayo madzi akadzakwera.

Mchenga ndi miyala yomangira zili m'gulu la zinthu zomwe lamulo la za migodi limayang'anira, choncho wokumba pofuna kugulitsa ayambe wafunsa ku khonsolo za chilolezo ndi malo ololedwa. Kukumba pafupi ndi mlatho kapena pansi pa gombe kumagwetsa zonse ziwiri, mlatho ndi munda wa mnansi. Oumba njerwa adziwenso kuti kuyambira mu 2018 malamulo a zomangamanga salola njerwa zootcha ndi nkhuni pa ntchito za Boma ndi pa nyumba zikuluzikulu zamalonda, ndipo msika ukusunthira ku njerwa za simenti ndi za dothi losakaniza simenti. Wamalonda wochenjera adzasintha msika usanamusiye.

Mphamvu za anthu pa ntchito zikuluzikulu

Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 13, amalamula Boma kusamalira chilengedwe moganizira mibadwo ya m'tsogolo, ndipo pa ndime 207 amaika nthaka yonse m'manja mwa dziko. Lamulo la za migodi la 2023 limachita chimodzimodzi ndi miyala yonse. Mwini munda si mwini miyala ya pansi pake, ndipo kampani yomwe ili ndi chiphaso chofufuzira siinapatsidwe chilolezo chokumba. Anthu ambiri amasokoneza ziphaso ziwirizi, n'chifukwa chake mphekesera zimathamanga anthu akangoona makina obowola nthaka. Kuti kampani ichoke pa kufufuza n'kufika pa kukumba, iyenera kuchita kauniuni wa momwe ntchitoyo ingakhudzire chilengedwe ndi miyoyo ya anthu, monga likunenera lamulo la za chilengedwe la 2017, ndipo bungwe la Malawi Environment Protection Authority liyenera kuvomereza. M'nkhalango yotetezedwa mumafunikanso chilolezo cha nthambi ya za nkhalango. Mwini mgodi waukulu amayeneranso kupanga mgwirizano wa chitukuko ndi anthu a m'dera lokhudzidwa.

Kauniuni ameneyu amafuna kuti anthu afunsidwe maganizo, ndipo apa ndi pomwe mphamvu za dziko zimafika m'manja mwa munthu wamba. Msonkhano wotere usamathere pa kulemba maina ndi kulandira zakumwa. Anthu afunse kuti madzi a ntchitoyo adzachokera mumtsinje uti ndipo ndi ochuluka bwanji m'chilimwe, zotsalira zidzatayidwa kuti, nanga mvula ngati ya Freddy ikadzagwa pa zotsalirazo zidzatsikira mudzi uti. Afunsenso kuti ndalama zokonzera malowo ntchito ikadzatha zasungidwa kuti, ndipo ndani adzalipire kampani ikadzachoka pakati panjira. Funso lomalizali si longopeka: mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga udatsegulidwa mu 2009 ndipo udaima mu 2014 mitengo itatsika pa msika wa dziko lonse, antchito ambiri n'kubwerera kumudzi. Mtengo wa miyala umakwera ndi kutsika, pomwe ludzu la anthu silisintha. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2020, limalola nzika kupempha zikalata kumaofesi a Boma, ndipo lamulo la za chilengedwe limalola munthu kupita kukhoti ngati ufulu wake wokhala m'malo aukhondo ukuphwanyidwa.

Mafumu ali ndi gawo lawo lapadera. Dambo lomwe mudzi wonse umadyetsako ziweto, kumwetako udzu ndi kutungako madzi si munda wa munthu mmodzi, ndipo si katundu woti mfumu igulitse payokha. Lamulo la za malo a makolo la 2016 lidakhazikitsa makomiti a za malo pansi pa gulupu aliyense, momwe amayi ayenera kukhala osachepera theka la mamembala osankhidwa, ndipo malamulo a za malo omwe adakonzedwanso mu 2022 adakhwimitsa kaperekedwe ka malo kwa anthu omwe si nzika za dziko lino. Mfumu yomwe yafikiridwa ndi munthu wofuna dambo kuti amangepo malo ogona alendo, akumbepo maiwe a nsomba kapena atsegulepo munda waukulu itengere nkhaniyo ku komiti ndi ku ofesi ya za malo ya khonsolo isanalandire kanthu kalikonse. Nayenso wogula afunse kaye kwa mkulu woona za chilengedwe pa khonsolo ngati malowo ndi ololedwa kumangapo, chifukwa kalata ya mfumu yokha siimuteteza ntchito yake ikadzaimitsidwa.